Mmene Ndinatsanzikirana ndi Mano Anga Akutsogolo

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti ku Mfuleni yafika kale m'masaluni, ndipo aliyense akuithira mchere wake, bola ndidziyalutse ndekha. Manyaziwa ndi anga, wina asandilande.

Ine ndine Lonjezo, kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Cape Town ndimagwira ntchito ya m'gadeni kwa madamu ena ku Kommetjie, ndipo ndimagona ku Masi, m'kachipinda kamalata koti ukadziwongola chitseko chimatseguka chokha. Koma musandiderere. Lamulungu ndimavala jekete n'kuima pambali pa abusa kutchalitchi kwathu, iwo akulalikira m'Chichewa, ine ndikuponya m'Chingerezi kuti alendo a ku Zimbabwe ndi ku Congo amveko. Pa nkhani ya chizungu panalibe wondiuza kanthu.

Ndiye dzino linayamba kupweteka.

Linali lakumbuyo, chakumanja. Ndinayesa madzi amchere, ndinayesa adyo, ndinayesa kulitukwana. Mnzanga wina anati ndidonthezepo mafuta a mabuleki, mwamwayi analibe galimoto. Tsaya linatupa ngati ndabisamo mandasi. Madamu atandiona ndikuthirira maluwa ndi diso limodzi lotseka, sanafunse zambiri. Anandikweza m'galimoto, ulendo kwa dokotala wawo wa mano ku Fish Hoek.

Dokotalayo anali mzimayi wochepa thupi, masiki kukamwa, chizungu chake chothamanga ngati wolengeza mpira pawailesi. Anandijambula, kenako pasikirini panatulukira chigaza changa chikundisekerera. Abale, kuona chigaza chako uli moyo si zinthu. Ndinagwetsa maso n'kumayang'ana nsapato zanga, iye akuloza apa ndi apo ndi cholembera.

Zimene ankanena, zomwe ndinadzazimvetsa mochedwa kwambiri, ndi izi. Munthu akamakula amamera mano anayi omaliza kumapeto kwenikweni kwa nsagwada, azungu amati mano a wisdom. Anga anasowa malo, ndiye anamera chogona, lina n'kumagunda dzino loyandikana nalo mpaka kuling'alula. Ofunika kuzula anali anayi akumapetowo, kenako long'alukalo alivundikire kachipewa kolimba kamene amati crown. Basi. Lero crown imeneyo ndili nayo, yoyera bwinobwino, kumbuyo komwe palibe amaiona.

Koma tsiku limenelo ine ndinatola zanga.

Atati "wisdom" ndinkayesa akundiyamikira nzeru. Ndinati, "Thank you, doctor."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza. "There is no space. All four must come out. Then we do a crown. Very common in young people here. Do you understand?"

"Yes, doctor. Perfectly."

Perfectly! Mawu amenewo ndimawamvabe kutulo.

Pobwerera ndinayamba kulingalira. Anayi? Anayi ake ati? Kenako nzeru zinandibwerera. Takisi, ndiye minibasi ya kuno, ikadzaza, wakumbuyo akamalira kuti wapanikizika, amene amatsika ndi a pakhomo kuti enawo asunthe. Ndiye kuti m'kamwa mwanga mwadzaza, ofunika kutsika ndi akutsogolo. Ndipo dokotala wanena yekha kuti achinyamata akuno amachita zimenezi kawirikawiri. Ine maso ndili nawo. Ndani sanaone anthu ambiri akuno opanda mano anayi akutsogolo?

Kuti nditsimikize ndinapita kwa katswiri. Kwa madamu kumabwera mkulu wina wopenta nyumba, Boeta Clive wa ku Ocean View. Iyeyo anazulitsa akutsogolo onse anayi ali mnyamata, mwa sitayilo chabe, ndipo akaseka umaona mpaka chakudya cha dzulo.

"Boeta," ndinatero, "doctor says four out. Then crown."

Anagwetsa bulashi. "Four? Welcome to Cape Town, my bru!"

Anandikumbatira, penti yense pa malaya anga. Kenako anapisa m'thumba, n'kumasula kampango. Munali mano oikirira, amene amavala Lachisanu lokha, pakati pake pali kagolide kakunyezimira.

"This is crown?"

"Ja! Crown, star, heart, anything you like!"

Nkhani inathera pomwepo. Dokotala wanena, Boeta wachitira umboni.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinakane. Inu simunadwalepo dzino. Dzino likamapweteka, wina atati mankhwala ake ndi kudula mutu, umangofunsa kuti abwera nthawi yanji.

Ndinayamba kutsanzikana nawo mano anga. Ndinagula chimanga chootcha pamalo okwerera matakisi n'kuchikukuta pang'onopang'ono, misozi ili m'maso, cha mbali imodzi chifukwa kwinaku kunkapweteka. Ndinadya apulo wosadula. Ndinatsegula botolo la zakumwa ndi mano, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire, kungoti nawonso akhale ndi mbiri. Ndinadzijambula zithunzi ndikumwetulira: pagombe, pageti, pafupi ndi galimoto ya madamu. Foni inadzaza mano okhaokha.

Kenako ndinati ndiyeserere. Ndinamata tepi yakuda ya magetsi pa mano anayiwo n'kuima pagalasi. Amene anandiyang'ana mmenemo anali agogo anga aamuna, omwe anamwalira kalekale. Ndinayesa kunena "Praise the Lord" lilime lili panja. Zinatuluka ngati tayala likuphwa.

Chovuta chenicheni chinali Esnati.

Esnati ndi bwenzi langa. Amaluka tsitsi ku Mfuleni, komwe amakhala ndi mayi ake aang'ono, a Nambewe. Nthawi imeneyo tinali pafupi kupangana tsiku la chinkhoswe, amalume ake ku Balaka atatsala pang'ono kuvomera. Ndipo mtsikanayu anandiuzapo yekha kuti chimene chinamugwetsa kwa ine si jekete, si chizungu, koma kamwetulidwe.

Nditapita kukamuuza, ndinamupeza akuluka mayi wina wonenepa bwino, amene anatseka maso ngati wagona.

"Bebi, ndili ndi nkhani. Loweruka akandizula mano."

"Bola, mwavutika nalo dzinolo."

"Si limodzi. Anayi. Akutsogolo."

Chipeso chinagwa pansi.

"Akutsogolo? Dzino likupweteka kumbuyo, azula bwanji akutsogolo?"

Ndinamufotokozera za takisi ija, modekha, ngati mphunzitsi. Ndinawonjeza kuti pambuyo pake andiika agolide.

"A Lonje, bwererani mukafunsenso. Mwina simunamve bwino."

"Ine? Osamva? Ine amene ndimamasulira mawu a Mulungu, ndilephere mawu a mzimayi wa ku Fish Hoek?"

Esnati anayamba kulira. Mayi wonenepa uja anatsegula diso limodzi. Sanali mtulo ayi, anali pa ntchito.

Pofika pakati pa sabata nkhani inali itazungulira Mfuleni, yadutsa ku Dunoon, yakwera phiri ku Hout Bay, yawoloka malire onse mpaka ku Balaka. Ndipo inanenepa m'njira. Ena amati Lonjezo walowa gulu la zigawenga, kuzula mano ndiye chiphaso chake. Ena amati ayi, wagulitsa mano kwa sing'anga kuti alemere, chotsatira ndi chala cha bwenzi lake. Mayi anga anandiimbira kuchokera ku Ntcheu, sanapereke ngakhale moni.

"Mano amene ndinakumeretsa ndi phala langa ukukapatsa azungu?"

A Nambewe anatumiza uthenga wachidule. Loweruka masana ndikaonekere kwawo. Abusa akakhalapo, amalume akakhala pafoni. Ndinayankha kuti Loweruka lomwelo m'mawa ndiye tsiku la dokotala. Anati, "Ndiye bwino, tidzaone ndi maso athu."

Loweruka linafika. Ndinatsuka mano nthawi yaitali, ngati munthu akusambitsa maliro. Kwa dokotala anandibaya jakisoni pamkono, wina m'kamwa, dziko n'kuyamba kuyandama. Ndimakumbukira nyali yaikulu, kugogoda kwinakwake kutali, ndi ine ndikuyesa kuuza nesi kuti awasamale, anali ana abwino.

Nditatsitsimuka, kuyambira pamphuno kutsika m'munsi nkhope sinali yanga. Milomo dzanzi, lilime ngati chigamba cha bulangete, m'kamwa atadzazamo thonje. Dokotala anabweretsa kagalasi kuti ndione. Ndinatsinzina mwamphamvu n'kupukusa mutu. Ndione chiyani? Agogo ndinawaona kale.

Anandipatsa kabotolo kokulunga m'pepala, n'kufunsa ngati ndikufuna kuwasunga. Ndinakaponya m'thumba la jekete osakayang'ana. Kenako analankhula pang'onopang'ono, akuchita kusonyeza ndi manja: luma thonjelo, usalankhule, usafufuze ndi lilime, crown tidzaika mabala akapola. Zimenezo zokha ndiye ndinazimva bwino, ndipo ndinazisunga ngati malamulo a Mose. Ndinavala masiki n'kutuluka.

Boeta Clive anadzipereka kundiperekeza pa kabaki kake, kagalimoto kosatseka kumbuyo. Njira yonse ya ku Mfuleni ankandilimbikitsa. Amati sabata yoyamba umalira, koma kenako umaimba likhweru loti galu wa ku Bellville amatembenuka. Anawonjeza zina zokhudza kupsompsona zimene sindingazilembe pano. Ine ndinkangoti "mmm," dovu likulowa m'kolala.

Kwa a Nambewe tinapeza nyumba itadzaza. Esnati pakona, maso ofiira. Abusa pampando wabwino, Baibulo pamwendo. Amayi a kutchalitchi atakhala pansi mpaka pakhomo, ena amene sindinawaonepo n'kamodzi komwe. Patebulo anatsamiritsa foni kuchitini cha shuga, ndipo m'menemo munali amalume a ku Balaka, kapena ndinene kuti mphuno yawo ndi chipumi, chifukwa anaiyandikitsa kwambiri.

Boeta analowa patsogolo panga, mwaulemu wake wonse, n'kumwetulira kuchokera khutu ili kufika linali.

"Hello, mamas!"

Silinali Lachisanu. Mano anali m'thumba.

A Nambewe anagwira pamtima. "Ambuye wanga! Ndiye azioneka chonchi?"

Esnati analira mokweza. Ndinakhala pa kabenchi pakati pa nyumba ngati wakuba nkhuku.

"Bambo," anayamba a Nambewe, "mwazulitsadi?"

Ndinagwedeza mutu.

"Angati?"

Ndinaimika zala zinayi.

Mukanamva! Ngakhale pamaliro a munthu wolemera salira chomwecho. Amalume anakuwa m'foni, mawu akudukaduka.

"Mufunseni! Ndi zokhwima kapena ndi zauchigawenga? Ife mwana wathu sitipereka kwa munthu woti pachithunzi cha chinkhoswe aziseka ngati khomo la khola!"

Ndinafuna kufotokoza za takisi, koma chimene chinatuluka m'masiki chinali, "Mmmfff ghaa."

"Mwamva?" anatero mayi wina. "Wayamba kale kulankhula zakumidima."

Apa abusa anaimirira. Anavula jekete, anapinda malaya. Munthu ameneyu ndaima naye pagome zaka zingapo, ndimadziwa kuti akapinda malaya zinthu zafika poipa.

"Palibe chosatheka!" anatero. "Amene anaumba nsagwada ya Samisoni, amene anatseka pakamwa pa mikango, angalephere mano anayi a mnyamata wa ku Ntcheu?"

"Sangalephere!" anayankha amayi.

Nyimbo inayamba. Abusa anabwera n'kundigwira masaya onse awiri, pomwe panali mabala enieniwo, n'kufinya ndi mphamvu ya kudzoza. Dzanzi linali litayamba kutha. Ndinakuwa ngati mbuzi yaona mpeni.

"Chikutuluka!" anafuula abusa. "Chikutuluka! Finyani mapemphero, amayi!"

Iwo n'kufinyanso masaya. Ine n'kukuwanso. Ndinagwa pabenchi, miyendo m'mwamba.

"Vulani chimasikicho! Lavula, mwana wanga, lavula!"

Wina anandivula masiki. Ndinalavula zibulunga za thonje zofiira ndi magazi, zinagwera pa simenti kuti phwa. Amayi anabalalika.

"Taonani zimene anamudyetsa!"

"Tsopano yasamula," anatero abusa, akupuma wefuwefu.

Ndinatsinzina. Ndinati basi, chikondi changa chathera pano. Ndinakweza mlomo wam'mwamba ndi zala, poti pawokha sukanatha, n'kuonetsa dziko lonse manyazi anga.

Kunangoti zii. Ngakhale amalume anasiya kupuma m'foni.

Kenako mawu a Esnati, ang'onoang'ono. "Alipo."

"Chiyani?" anafunsa a Nambewe.

"Mano alipo! Onse!"

Nthungululu zinang'amba malata. Amayi anagwa pansi, ena akuvina, wina akuthamanga panja kukaitana aneba. Abusa anayang'ana m'kamwa mwanga, anayang'ana manja awo, anayang'ananso m'kamwa mwanga. Ndikukuuzani, munthu amene anadabwa kwambiri m'nyumba monsemo anali iwowo.

Ine ndinakweza chala n'kugogoda. Go, go, go, go. Onse anayi, olimba, osagwedera.

Apa ndiye pamene ndimafuna nthaka itandimeza ndikakumbukira. Munthu wanzeru akanaima n'kuganiza. Ine ndinakhulupirira. Ndinagwada pakati pa nyumba, manja m'mwamba, misozi ndi dovu zikutsikira limodzi, n'kuyamba umboni. Ndinati ndinali wopanda mano koma tsopano ndili nawo. Ndinati adokotala anazula koma kumwamba kwabzala. Ndipo poti chizolowezi sichimva dzanzi, ndinkadzimasulira ndekha m'Chingerezi chiganizo chilichonse, lilime likukana.

"I wath toothleth! But now I can thmile!"

"Aleluya!"

Mafoni anali m'mwamba, onse akujambula. Boeta Clive anaona zonsezi ali pakhomo, kukamwa kuli yasa. Anavula kapusi, anadutsa pakati pa amayi, n'kugwada pambali panga.

"Pastor, do me also."

Abusa anali atayamba kupindanso malaya pamene mphuno ya m'foni inalankhula.

"Taimani kaye. Ine ndili kutali, sindikuona bwino. Ngati awa ndi atsopano, akale ali kuti?"

Funso limenelo linandisangalatsa. Umboni ndinali nawo m'thumba! Ndinadzuka monyadira, ndinatulutsa kabotolo kaja, ndinapempha sosala, n'kukhuthula pamaso pa onse.

Anagwa kuti gobede gobede. Zimano zinayi zikuluzikulu, zamitu yafulati ngati zitsa, mizu yake yopindikapindika ngati chinangwa cha pamiyala. Lina linali lodukaduka, mwina linavuta potuluka.

Nyimbo inazima yokha.

A Nambewe anavala magalasi. Anatenga supuni n'kutembenuza limodzi, uku ndi uku.

"Bambo, awa ndi amene anali kutsogolo?"

"Eya," ndinatero, koma mawu anali atayamba kuchepa.

"Zaka zonsezi mumabwera pano kudzamwa tiyi muli ndi mano a mvuu pakhomo pa kamwa, ife osaona?"

Esnati anadzuka pakona paja. Anayatsa tochi ya foni, anandigwira chibwano ngati akufuna kundimwetsa mankhwala, n'kuunika mkati. Anaunika kumanja, anaunika kumanzere, m'mwamba ndi m'munsi.

"Mabowo ali kumbuyo," anatero. "Anayi. Osokedwa bwinobwino." Anazimitsa tochi. "A Lonje, dokotala uja anakuuzani ndi pakamwa pake kuti akutsogolo?"

Ndinaganiza. Ndinafufuza m'mutu monse, mawu ndi mawu.

"Sananene kuti akutsogolo kwenikweni. Koma takisi ikadzaza..."

Sindinamalize. Mayi wina anaphulika kuseka, mnzake n'kutsatira, mpaka nyumba yonse inagwedezeka. Ena ankagubuduka pansi pomwe ankavinapo posachedwa. Abusa anafunyulula malaya mwakachetechete, anatola jekete ndi Baibulo, n'kunena kuti akumbukira kuti ali ndi odwala ena ku Delft. Boeta anali chigwadire, maso otseka, akudikira nthawi yake.

"Kukuchitika chiyani kumeneko?" anakuwa amalume. "Wina andiuze! Ndi wokhwima?"

"Ayi, achimwene," anayankha a Nambewe, akupukuta misozi ndi chitenje.

"Ndi chigawenga?"

"Ayinso."

"Nanga ndi chiyani?"

"Ndi chitsiru chabe."

Mphuno ija inasendera pafupi.

"Aaa, chitsiru ndiye chabwino, chimakhalitsa pabanja. Chinkhoswe tichite Disembala."

Ndiye inu, munthu wonyamula pulayala akakufunsani ngati mwamva, musathamangire yes, muuzeni aloze ndi chala.